Ana a kutsidya kwa msewu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga mu Fomu 3 ndi 4, mukukumbukira kuti tikafika pa mutu wa malire ndinkasiya choko n'kuloza pawindo. Kuno ku Ntcheu malire timawaponda ndi mapazi. Ukachoka pa Biriwiri kulowera ku Lizulu, m'malo ambiri msewu wa M1 ndiwo malirewo, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Anawagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, osafunsa Angoni a Gomani, amene abale awo anatsalira ku Angonia.

Mu 1986 nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inafika poipa m'chigawo cha Tete ndipo anthu anayamba kukhamukira kuno. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi anali oposa 1 miliyoni. Ku Nsanje ambiri anali m'makampu, koma kuno ochuluka anangolowa m'midzi, kwa amalume kapena kwa azakhali, mfumu n'kuwalozera pomanga. Sukulu zina za othawa nkhondo zinkaphunzitsa m'Chipwitikizi, koma ana ena ankabwera kwathu.

Mu 1987 ndili Sitandade 5 ndinkakhala pansi moyandikana ndi mnyamata wina wotero. Tsiku loyamba amayi ake anabwera ndi kakalata ka mfumu. Aphunzitsi aakulu anawerenga, anamuyang'ana mwanayo, n'kulemba m'kaundula dzina la mudzi wathu. Basi. Fizi analipira yofanana ndi yathu, poti pulayimale yaulere inadzayamba mu 1994, ndipo masamu ankatiposa tonse. Lero wina akhoza kunena kuti aphunzitsi aja analemba bodza. Ine sindinawaonepo ngati abodza.

Chaka chomwecho cha 1987 boma linalowa m'pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, koma linati ndime zina, kuphatikizapo ndime 22 ya maphunziro, lizitenga ngati malangizo chabe osati lamulo. Apa mukuona kuti zimene ankachita mafumu ndi aphunzitsi m'midzi zinali patsogolo pa zimene zinalembedwa papepala.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ndipo pofika 1995 ambiri anali atabwerera. Mnzanga uja naye anapita, sitinaonanenso. Koma ena anatsala, ena chifukwa cha banja, ena chifukwa manda a makolo awo ali kuno. Ana awo ndi amene tikuwaphunzitsa lerowa.

Kwa zaka zambiri palibe ankawafunsa kanthu. Zinthu zinasintha mu 2017 pamene National Registration Bureau inalemba anthu m'dziko lonse n'kupereka ziphaso za unzika. Chiphasocho n'chabwino, sindikuchinyoza. Koma lamulo lathu silipereka unzika chifukwa chongobadwira pano, limayang'ana kholo. Mwana amene bambo ndi mayi ake onse anachokera kutsidya ndi mlendo, ngakhale mchombo wake unakwiriridwa ku Tsangano ya kuno.

Ku pulayimale ndi ku sekondale amatha kudutsa. Khoma amalipeza akakhoza MSCE. Ngongole ya bungwe la boma lokongoza ophunzira a m'mayunivesite, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, ndi ya Amalawi okha, ndipo mlendo amalipira fizi yokwera kuposa mwana wa pano. Chondipweteka mtima n'chakuti mu September 1997 mayiko a SADC anasaina pangano la maphunziro ku Blantyre konkuno, lonena kuti pasanathe zaka 10 wophunzira wa dziko lina la SADC azilipira ngati mwana wa pakhomo. Koma kuti upindule nalo uyenera kuonetsa kuti ndiwe wa ku Mozambique. Mwana wathuyu alibe pepala la uko, alibenso la kuno.

Vutoli si lathu lokha. Ku America, chigawo cha Texas chinakhazikitsa lamulo mu 2001 loti mwana wopanda ziphaso amene wakhala kumeneko zaka zitatu n'kumaliza sekondale azilipira ku koleji ngati mwana wa m'chigawomo. Iwo anafunsa kumene mwana wakulira, osati kumene kholo linabadwira. Lamulolo linagwira ntchito zaka 24, khoti n'kuliimitsa mu June 2025.

Zaka zingapo zapitazo mtsikana wina wa m'kalasi langa, amene anakhoza bwino kwambiri, anabwera kunyumba ndi agogo ake. Anakhala pamphasa, anapereka moni, kenaka agogowo anati, "Aphunzitsi, mwanayu mwamulera ndinu. Mukamuchitire umboni kuti bambo ake anali a konkuno." Ndinkadziwa kuti bambowo anawoloka msewu mu 1988. Ndinakumbukira aphunzitsi aakulu aja ndi kaundula wawo, ndinaganizanso za ntchito yanga ndi penshoni. Ndinati, "Pepani agogo, zimenezo ndi mlandu." Sanakwiye. Anathokoza, n'kunyamuka.

Mtsikanayo ndimamuona pamsika wa Lizulu, amagulitsa mbatatesi ndi kabichi. Amandipatsabe moni mogwada, ndipo nthawi zonse amandiikira basela.