Akatswiri a Mlengalenga ndi Bwalo la Wilson

Anthu a ku South C mu mzinda wa Nairobi, amene m'mawa uliwonse amadzutsidwa ndi mkokomo wa ndege zazing'ono zonyamuka pa bwalo la Wilson, kawirikawiri sakumbukira kuti pa bwalo lomwelo boma ndi amalonda akhala akulimbirana oyendetsa ndege kuyambira kalekale. Mayi Florence Kerr Wilson, amene bwaloli linatchedwa dzina lawo mu 1962, anakhazikitsa kampani ya Wilson Airways mu 1929. Koma popeza chakudza sichiimba ng'oma, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka mu 1939 boma la atsamunda linatenga ndege zawo pamodzi ndi oziyendetsa, n'kuwalowetsa usilikali.

Pamene Kenya Air Force inabadwa mu 1964, zinthu zinatembenuka, pakuti tsopano ndi boma limene linkaphunzitsa mnyamata kwa zaka zambiri ndi chuma chosaneneka, ndipo iye atakhwima, makampani monga East African Airways, ndi pambuyo pake Kenya Airways ya mu 1977, anali chire ndi malipiro onona. Ndani angamudzudzule, poti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi? Msilikali amasamutsidwa popanda kufunsidwa, lero ku Eastleigh, mawa ku Nanyuki, pamene ana ake akufuna sukulu yokhazikika.

Ku America, kumene nthenda yochoka usilikaliyi inakula kwambiri, boma linafika polonjeza woyendetsa ndege ndalama zapadera zofika mpaka madola 35,000 pachaka mu 2017 kuti asachoke, komabe ambiri anazikana napita.