Thengo la Kwathu, Maluwa a ku London

Agogo anga aamuna anagwira ntchito yosamala maluwa kwa zaka zoposa makumi awiri pa nyumba ya mzungu wina, pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi kwathu kuno ku Muloza. Pa nthawiyo ntchitoyi inkatchedwa ya ugadeniboyi, ngakhale munthuyo atakhala wa imvi ndi zidzukulu. Ankadziwa kudulira marozi, kumeta kapinga ndi kusakaniza manyowa. Koma chodabwitsa n'chakuti pakhomo pawo penipeni panalibe duwa ngakhale limodzi. Bwalo linali losesedwa mbee, mtengo wa mango pakati, nthochi ndi chinangwa kuseri. Tsiku lina ndili Sitandade 5 ndinawafunsa chifukwa chake.

"Iwe mdzukulu, maluwa ndi ntchito," anandiyankha akusenda mzimbe. "Munthu akaweruka satenga ntchito kupita nayo kunyumba."

Ndinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndadzaikumbukira tsopano ndili bambo wa zaka za m'ma 40, wogwira ntchito m'boma, nditayamba kudzifunsa kuti maluwa omwe tonsefe timadzala pakhomo anachokera kuti, nanga a kwathu kuno anapita kuti.

Yankho lake likuyambira m'chaka cha 1891. Kwa ife a ku Muloza chaka chimenechi n'chachikulu kuposa momwe mabuku a sukulu amanenera. M'chakachi Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana dziko, ndipo mtsinje wa Ruo ndi wa Muloza inasanduka malire. Abale omwe ankangowoloka kukapempha moto anadzuka ali nzika za maiko awiri. Cha m'nyengo yomweyo Henry Brown, yemwe anayamba walimako khofi ku Ceylon, anatenga mbewu za tiyi ku mishoni ya Blantyre n'kuzidzala ku Lauderdale ndi ku Thornwood, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Ndipo chakumapeto kwa chaka chomwechi kunabwera Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa ku Scotland, yemwe Harry Johnston anamulemba ntchito yofufuza zachilengedwe za dziko lino. Iyeyu anakwera phiri, natola masamba, maluwa ndi njere, naziumitsa pakati pa mapepala, n'kuzitumiza ku London.

Pofika 1894 akatswiri a kumeneko anali atasindikiza zomwe anapeza m'mitolo ya Whyte. Mkungudza wathu anaupatsa dzina loti Widdringtonia whytei. Kaduwa kena ka pamwamba pa phiri, komwe sikafota ngakhale mutakathyola, kakudziwika mpaka lero kuti Helichrysum whyteanum. Sindikumuchitira nsanje mkuluyu, ntchito anaigwira, ndiponso munda wa zomera wa ku Zomba uli ndi dzanja lake. Chimandiwawa n'chakuti sanakwere yekha. Panali amtengatenga omwe anasenza mitoloyo, panali wina yemwe ankadziwa njira, koma palibe duwa lomwe linatchulidwa dzina la mmodzi wa iwo.

Tsono taonani momwe zinthu zinapingasirana. Pamene zomera zathu zinkakwera sitima kupita kunja, sitima zomwezo zinkabweretsa zina. Mzungu aliyense womanga nyumba pa esiteti ankafuna kuti akakhala pakhonde aziona zomwe anazolowera kwawo, kapena zomwe anaona ku India ndi ku Ceylon. Motero kunabwera marozi. Kunabwera bougainvillea ndi jacaranda, zomwe kwawo ndi ku South America. Kunabwera bulugama wa ku Australia wowotchera tiyi. Ngakhale deliya wachikasu uja, yemwe wadzaza m'mbali mwa misewu mpaka ambiri timayesa ndi wa makolo athu, kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Ena mwa alendowa anakana kukhala m'munda momwe anawaika. Lantana anathawira m'tchire n'kukhala chitsamba chovuta. Paini wa mtundu wa Pinus patula, yemwe a zankhalango anadzala pa Chambe, anafalikira yekha mpaka boma ndi mabungwe anadzawononga ndalama zambiri pomudula.

Manja omwe ankasamala minda ya maluwayi anali a anthu ngati agogo. Bambo awo anali mwa Alomwe omwe anawoloka malire kuthawa nkhanza ndi misonkho ya Apwitikizi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, n'kudzagwa m'manja mwa thangata. Mbuto ya kalulu inakula n'tadzaonani, ndipo midzi ya m'mbali mwa maesiteti inadzaza. Malo abwino anali a tiyi. Kadimba komwe munthu wapatsidwa kanali ka chimanga, nandolo ndi kalongonda. Ndani akanataya malo ndi chinthu chosadyedwa? Komanso bwalo losesedwa linali ndi nzeru yake, njoka ikadutsa usiku mkukuluzi wake unkaoneka m'mawa.

Nkhani yomwe agogo ankakonda kufotokoza, makamaka akalawa pang'ono, inali ya duwa lina lofiira lomwe linkamera lokha pansi pa mitengo kumapeto kwa kapinga wa dona. Mvula yoyamba ikangogwa linkatumphuka m'nthaka lopanda tsamba, phesi limodzi, pamwamba pake chimpira chofiira ngati khala la moto. Dona wawo woyamba ankati ndi thengo, ndipo chaka ndi chaka agogo ankalikumba n'kukataya kudzala. Atachoka ameneyo kunabwera dona wina wokonda mabuku. Uyu atangoliona anakuwa ngati waona golide, n'kuwalamula agogo kuti akafunefune ena m'tchire adzadzale kutsogolo kwa khonde.

"Ndiye ine zaka zisanu ndinalipidwa polikumba, zaka zina zisanu ndinalipidwa polidzala," ankatero agogo, akuseka mpaka kutsokomola. "Duwa lake lomwelo."

Duwalo ndinadzalipeza ndili mkulu kale m'buku la Audrey Moriarty lotchedwa Wild Flowers of Malawi, lomwe linatuluka mu 1975. Dzina lake la akatswiri ndi Scadoxus multiflorus, ndipo ku Ulaya anthu amaligula ndi ndalama n'kulisunga m'miphika m'nyumba. M'mabuku ena ndinawerenga kuti kaduwa ka m'minda mwathu kotchedwa Gladiolus dalenii, komwe timakatema ndi khasu popalira, ndi kamodzi mwa makolo a maluwa a gladiolus ogulitsidwa m'masitolo a ku Ulaya. Nalonso duwa loyanga lija, lofiira ndi chikasu, lopindikira m'mwamba ngati malawi, lomwe akatswiri amati Gloriosa superba, ndi duwa la fuko la Zimbabwe. Mu 1947 ana a ku Southern Rhodesia anasonkha ndalama n'kupatsa Elizabeth, asanakhale mfumukazi, chokometsera cha dayamondi chosulidwa mofanana ndi duwali. Kuno ife timalilambalala popita kumunda.

Ufulu utabwera mu 1964 munda wa dona sunachoke, unangosintha mwini. Ife a m'badwo wanga tinaphunzira maluwa kusukulu, komwe tinkatumidwa kuzungulira mbendera ndi miyala yopaka laimu n'kudzala timitengo todula kunyumba za aphunzitsi. Wogwira ntchito m'boma akalandira nyumba ankapempha nthambi kwa mnzake, mnzakeyonso anapempha kwa wina, ndipo mukautsata mzerewo bwinobwino mukafika pa khonde la esiteti kapena la mishoni. Inenso ndinachita zomwezo. Nditamanga kanyumba kanga ndinadzala marozi asanu ndi limodzi, ndipo mayi a kunyumba ankanena kuti ndimawasamala kuposa ana.

Boma silinaiwaliretu za kwathu. Phiri linakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Mu 1984 Dr Kamuzu Banda analengeza kuti mkungudza ndi mtengo wa fuko, ndipo mu 1987 kunakhazikitsidwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Koma kulengeza ndi kwina, kusunga ndi kwina. Macheka sanaleke kulira m'phiri, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Za mkungudza zinamveka chifukwa ndi mtengo wa matabwa a ndalama, ndipo a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi akhala akufesa mbande m'manazale n'kukadzala kumtunda. Koma timaluwa ta pansi tilibe wotilirira. Tikatha, titha mwakachetechete.

Apa ndiulule tchimo langa. Nditayamba kutengeka ndi nkhanizi ndinafuna kuti pakhomo panga pakhale phiri lonse. Tsiku lina pa msika wa Limbuli ndinakumana ndi mnyamata atanyamula timaluwa m'jumbo, mizu ili ndi dothi lakuda la kumtunda. Tinali ta m'gulu la ma orchid, gulu lomwelija lomwe anzathu a kumpoto amakumba timbatata take n'kuphika chinaka. Ndinagula tonse osanenerera mtengo. Ndinatidzala m'dothi labwino, ndinathirira m'mawa ndi madzulo. Sitinathe miyezi iwiri. Loweruka lotsatira mnyamata uja anali atafika kale pakhomo ndi jumbo lina lalikulu, popeza anali atapeza msika. Ndinamubweza, koma zomwe anakumbazo zinali zitakumbidwa kale, ndipo wochititsa ndinali ine.

Chifukwa chomwe tinafera sichovuta. Pamwamba pa phiri, monga ku Lichenya, ndi pafupifupi mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Sapitwa amafika 3,002. Kumeneko kumazizira, nkhungu siichedwa, dothi lake ndi lina. Kuno ku Muloza ndi kunsi, kotentha ndi kwachinyontho. Ma orchid a m'nthaka amadaliranso tizamoyo tina ta m'dothi la komwe anamera, tomwe sitibwera nawo m'jumbo. Duwa la pamwamba likatsika ndi mlendo ngati rozi yemwe, mwinanso kuposa. Komanso kukumba zomera m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu pa lamulo la zankhalango la 1997, ndipo ine wa boma ndinayenera kukhala woyamba kudziwa.

Kuyambira pamenepo ndinasintha. Ndinaleka kuyang'ana kumwamba, n'kuyamba kuyang'ana m'milambala ya minda, m'mbali mwa njira ndi pa ziunda, malo omwe khasu likubwera kale. Nyengo ya kusosa ndimapempha eni minda kuti akakumana ndi zonga anyezi asaziponye pamoto, andisungire. Poyamba ankandiseka, "Achimwene, kodi malipiro achepa mpaka mwayamba kudya zimenezi?" Pano amangobweretsa.

Duwa la agogo lija limafuna mthunzi ndi dothi la masamba owolerana, ndipo likakhazikika silifuna kusunthidwa. Ndinaliika pansi pa mango. Loyanga lija muzu wake ndi wosachedwa kuthyoka, ndipo kansonga kophukira kakavulala basi latha, choncho ndimaugoneka chogona m'dothi losasunga madzi, pafupi ndi mpanda kuti lipeze poyanga. Gladiolus amafuna dzuwa, ndipo amaswana yekha pansi. Pa miyala kuseri kwa khitchini ndinadzala aloe wa m'tchire mwathu, yemwe amachita maluwa nthawi yozizira, zinzake zonse zitagona, ndipo timbalame ta milomo yaitali sitichokapo. Onsewa safuna kheni m'chilimwe. Ambiri amauma pamwamba n'kudikira pansi, moti ntchito yaikulu ndi kuzika kamtengo pamalopo kuti mwana wosesa kapena wolima asawateme.

Chimodzi chokha sindichita nacho masewera. Gloriosa ndi poizoni kuyambira muzu mpaka njere, ndipo muzu wake umafanana ndi chakudya. Duwa la agogo nalonso silidyedwa. Ana anga ndinawaitana, n'kuwaonetsa, n'kuwauza mosapsatira. Mbuzi sizifika mbali imeneyo. Mwina n'chifukwa china chomwe makolo sankafunira zomerazi pafupi ndi mtondo.

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Sindifotokoza zambiri, a kuno akudziwa, ndipo pali mabanja omwe mpaka lero sanaike m'manda abale awo. Akuluakulu ankati chiyambire napolo wa ku Phalombe wa 1991 sanaonenso madzi otere. Ife tinapulumuka, nyumba inatsala, koma bwalo lonse linakwiririka ndi mchenga ndi matope ofika m'mawondo. Kwa miyezi ingapo panalibe woganiza za maluwa, ndipo kukanakhala kupanda ulemu kutero. Marozi onse asanu ndi limodzi anafa. Timitengo tanga tozika tija tinapita ndi madzi, moti sindinkadziwanso pomwe ndinadzala chiyani. Matope ena tinawola, ena tinangowasalaza.

Mu Novembala chaka chomwecho, patapita masiku ochepa mvula yoyamba itagwa, mwana wanga wamkazi anabwera akuthamanga ndili pakhonde kupukuta nsapato za kuntchito.

"Ababa, tabwerani mudzaone, pansi pa mango patuluka zinazake."

Panali mapesi atatu, atang'amba dothi louma lija, mitu isanatseguke bwino. Ndinadzala asanu. Ndinagwada n'kuyamba kufukula pambali ndi chala kuti ndione ngati awiri enawo ali m'njira, mpaka mayi a kunyumba anandikumbutsa kuti nthawi ya ntchito yakwana ndipo thalauzi ladetsedwa m'mawondo.