Anamzeze ayamba kunyamuka ku Chilwa



Dzulo madzulo ndikuchokera ku mpunga ndinaima m'mbali mwa Likangala kuonerera anamzeze. Malichi ndi uyu, ndiye ayamba kusonkhana m'bango, phokoso lake ngati msika. Ikamatha Epulo ambiri apita. Agogo anga ankati amatsatira mvula. Ine ndinadziwa mochedwa kuti ambiri mwa iwo amakaswera ku Ulaya, amabwera kuno cha mu Okutobala kuthawa chisanu. Azungu anazitulukira powaveka timphete kumwendo. Kanthu kosadzaza m'manja, koma kamafika kumene ine sindidzapondako!

Chandilembetsa ndi nyanjayi. David Livingstone anaiona mu 1859. Chilwa alibe potulukira madzi. Amangolandira a Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, ndiye mvula ikavuta zaka zingapo motsatizana amaphwa. Za 1968 ndinangomva kwa bambo anga, kuti anthu ankapita ku Chisi wapansi. Koma 1995 ndinaiona ndi maso angawa. Mabwato anangokhala pamatope, matemba kunalibe.

Nsomba zitasowa, ndiwo zinali mbalame. Sindibisa, nanenso ndinatchera. Misampha, ulimbo, ena mfuti. Abakha a m'madzi, atsekwe, mazira omwe tinkatola m'zisa, zina n'kumawotcha kukagulitsa kumsika. Munthu wanjala simungamuweruze. Chimandiwawabe mpaka lero ndi moto umene tinkayatsa m'njedza. Tinkaona ngati tikutentha udzu wamba, chonsecho ndi momwe mbalame zimaswera, momwenso nsomba zimabisala madzi akabwerera.

Mu 1996 Chilwa analembedwa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, woyamba m'Malawi muno, ndipo mbalamezi zinali chifukwa chachikulu. Pambuyo pake alenje anapanga magulu awo, n'kugwirizana za malo osatchera ndi nyengo yoti mbalame ziswe kaye. Ena ankatsatira, ena ankapita usiku. Mu 2018 nyanja inaphwanso kwambiri, ndipo ndinaona anyamata akubwereza zomwe ife tinkachita. Ndinasowa pakamwa powadzudzulira.

Namondwe Freddy wa mu 2023 anatiliza, minda ya anzathu inamira, koma madzi anadzaza ndipo akakowa ndi abakha anabwerera. Chaka chinonso ndawaona m'mpunga mwanga.

Inu a kutauni mukabwera pa Isitala musangothera pa mowa. Tidzapite ku Kachulu dzuwa likamapendeka, mudzatenge ndi ana. Mwina tidzapeza anamzeze otsalira asananyamuke. Malegeni okha adzasiye kunyumba.