Galimoto yogonamo si kalavani, ndipo si iliyonse imene ili Winnebago

Kampani ya Winnebago inayamba mu 1958 m'tauni yaing'ono ya Forest City, m'chigawo cha Iowa ku America. Ntchito zinkasowa m'deralo, choncho amalonda a kumeneko, mmodzi mwa iwo John K. Hanson, ananyengerera kampani ya Modernistic Industries ya ku California kuti idzatsegule fakitale kwawoko. Chaka chotsatira eni deralo anaigula fakitaleyo, ndipo posakhalitsa anaitcha Winnebago Industries. Ndanena kuti "inayamba", ndikananenanso kuti "inakhazikitsidwa". Chimene sindingalembe n'chakuti kampaniyi "inapezeka mu 1958", monga alembera ena otanthauzira mothamanga. Chimapezeka ndi chinthu chimene chinasowa. Kampani anthu amachita kuiyambitsa.

Koma vuto lalikulu lili pa dzina la chinthu chimene kampaniyi imapanga. Zaka zoyambirira inkapanga makalavani, tinyumba ta mateyala topanda injini tomwe timachita kukokedwa ndi galimoto ina. Mu 1966 ndi pamene inatulutsa galimoto yoyenda yokha, yokhala ndi injini ndi chiwongolero kutsogolo, kumbuyo kwake kuli bedi, pophikira ndi podyera. Inkagulitsidwa pafupifupi theka la mtengo wa anzawo opikisana nawo, ndipo n'chimene chinaikweza kampaniyi. Tsono wolemba akatchula zonse ziwirizi kuti "kalavani", wafufuta chaka cha 1966 m'mbiri yonseyi, chifukwa owerenga angoona kampani ya makalavani ikupitiriza kupanga makalavani. Ine ndimati "galimoto yogonamo". Ena amakonda "nyumba yoyenda", ndipo mawuwa ndi okoma m'khutu, koma sanena ngati nyumbayo ikudziyendetsa kapena ikukokedwa. "Galimoto yogonamo" imanena zonse ziwiri zofunika: ndi galimoto, ndipo munthu amagonamo.

Ku America dzina la Winnebago linatchuka mpaka anthu ambiri anayamba kutchula galimoto yogonamo iliyonse kuti Winnebago, monga momwe kwathu chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi chimasandukira Sobo. Pocheza palibe cholakwika. Polemba sizingatheke, chifukwa alipo makampani ena monga Thor ndi Hymer, ndipo ngakhale Winnebago yeniyeniyo lero sipanga magalimoto ogonamo okha. Mu 2016 inagula Grand Design, yomwe imadziwika ndi makalavani, ndipo mu 2018 inagula Chris-Craft, kampani ya maboti.

Palinso chifukwa china chimene chimandikhudza kwambiri. Dzinali kampani inalitenga ku boma la Winnebago kumene kuli Forest City, ndipo bomalo linatchulidwa potengera mtundu wa anthu, eni nthaka a ku America, omwe amadzitcha okha kuti Ho-Chunk. Dzina loti Winnebago anawapatsa ndi mitundu yoyandikana nawo. A ku Wisconsin anabwerera ku dzina lawo la Ho-Chunk, pomwe a ku Nebraska akugwiritsabe ntchito la Winnebago. Ndiye tikalemba kuti "Mawinnebago adzaza pamsewu", tikunena za anthu kapena za zitsulo? Chichewa chili ndi njira yosavuta yolekanitsira: "magalimoto a Winnebago", "anthu a mtundu wa Winnebago". Kakang'ono ka "a" kameneka kakugwira ntchito yaulemu, tisakasiye.

Tibwere ku mayina a magalimotowo. Mawu a Chingerezi akuti model asokoneza ambiri, mpaka timawerenga zoti "chitsanzo chatsopano cha galimoto". Chitsanzo ndi chimene mphunzitsi amapereka kuti ana atengerepo. Pa magalimoto timati "mtundu". Mitundu yakale ya Winnebago inali ndi mayina ngati Brave, Indian ndi Chieftain, ndipo inali yaikulu, yooneka ngati bokosi, yokhala ndi chilembo cha W m'mbali mwake. Kenako kunabwera Minnie Winnie, yocheperapo, yomwe ili ndi bedi pamwamba pa dalaivala. Mafuta atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1970, anthu anayamba kufuna zing'onozing'ono, ndipo mu 1983 kunatuluka LeSharo, yomangidwa pa galimoto ya Renault ya ku France. Rialta, ya m'ma 1990, inamangidwa pa Volkswagen. Masiku ano kuli Travato, yochokera ku Ram ProMaster, ndi Revel, yomangidwa pa Mercedes-Benz Sprinter yokoka mateyala onse anayi kuti izitha kulowa m'misewu yoipa.

Mayina amenewa asatanthauziridwe. Brave ikhale Brave, isasanduke "Wolimba Mtima", ndipo Chieftain isakhale "Mfumu", chifukwa wofuna chipangizo cha galimotoyo adzafunsa ndi dzina lolembedwa pachitseko. Onaninso mawu akuti "yomangidwa pa". Winnebago sipanga injini. Imagula chimango, injini ndi mateyala kwa Ford, Mercedes-Benz kapena Ram, n'kumangapo nyumba. Kulemba kuti "Revel ndi Benz" ndi theka chabe la zoona, ndipo kulemba kuti "Winnebago yapanga injini yamphamvu" ndi bodza. Chiganizo choyenera n'chakuti Revel ndi galimoto yogonamo ya Winnebago, yomangidwa pa Sprinter ya Mercedes-Benz.