Namahage: Zilombo Zotsika M'phiri ku Oga

Ambiri mwa ife amene tinadutsa ku sekondale m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tinaphunzitsidwako masamu kapena sayansi ndi aphunzitsi a ku Japan, popeza dzikoli linayamba kutumiza achinyamata ogwira ntchito mongodzipereka kuno ku Malawi m'chaka cha 1971. Dziko la aphunzitsi athu aja limatchuka ndi magalimoto ndi mawayilesi. Koma nakonso kuli zilombo zovala zigoba, ndipo mbiri yake ndiyo ndafuna kuti tigawane m'kalata yathu ino.

Ku Oga, m'chigawo cha Akita kumpoto kwa Japan, usiku wa pa 31 Disembala anyamata a m'mudzi amavala zigoba zoopsa ndi zofunda zolukidwa ndi mapesi a mpunga. Ena amatenganso chimpeni chamtengo ndi ndowa. Amayenda khomo ndi khomo m'chipale chofewa akubangula, kufunsa ngati m'nyumbamo muli mwana wolilalira kapena munthu waulesi. Ana amathawira kumbuyo kwa agogo awo. Mwini nyumba amazilandira mwaulemu zilombozi, kuzipatsa chakudya ndi mowa wa mpunga wotchedwa sake, nazitsimikizira kuti anawo asintha. Zikamachoka zimasiya madalitso a chaka chatsopano, pakuti anthu a ku Oga amazitenga ngati alendo ochokera kwa milungu ya m'phiri, osati ziwanda wamba.

Dzina lakuti Namahage lingakuseketseni. Munthu akamakhalira kuwotha moto m'malo mogwira ntchito, miyendo yake imachita mbala. Mbalazi kumeneko amati namomi, ndipo dzina la zilombozi limatanthauza kusenda mbalazo. Ntchito ya chimpeni chija ndi imeneyo.

Za chiyambi chake pali nthano zingapo. Yotchuka imati mfumu Wu ya ufumu wa Han ku China inabwera ku Oga ndi ziwanda zisanu, zimene zinkaba zokolola ndi atsikana. Anthu atatopa nazo anapangana nazo motere: zikamanga makwerero amiyala 1,000 kukafika pa kachisi wa paphiri usiku umodzi, azizipatsa mtsikana chaka ndi chaka, zikalephera zichoke. Zitafika pa 999, munthu wina analira ngati tambala, ziwandazo zinayesa kuti kwacha, n'kuthawa. Makwererowo alipo mpaka lero, amakafika pa tiakachisi tisanu totchedwa Goshado. Imeneyo ndi nthano. Umboni wolembedwa ndi wa Sugae Masumi, mlembi woyendayenda amene anaona mwambowu m'chaka cha 1811 naujambula. Nthawi imeneyo unkachitika pa tsiku la 15 la mwezi woyamba pa kalendala yakale yotsata mwezi.

Mlendo sangangolowa m'nyumba za eni usiku wa chaka chatsopano. Iye amapita ku chikondwerero cha Namahage Sedo, chimene chimachitika masiku atatu m'mwezi wa Febuluwale pa kachisi wa Shinzan. Chikondwererochi n'chaching'ono msinkhu: chinayamba mu 1964, pamene anaphatikiza mwambo wa Namahage ndi mwambo wa moto wa pakachisipo, umene umachitika pa 3 Januwale ndipo amati wapyola zaka 900. Pabwalo amasonkha chimoto chachikulu. Wansembe wa chipembedzo cha Shinto amayeretsa anyamata ndi kuwapatsa zigoba, ndipo iwo amalowa m'phiri. Ng'oma zikalira kwa kanthawi, anthu amaona miuni ikutsika mumdima pakati pa mitengo. Zilombozo zimazungulira bwalo, kulandira mikate ya mpunga yowotchedwa pamotopo, n'kubwerera kumene zachokera.

Ena amanyoza kuti zimenezi anakonzera alendo okaona malo. Zoona zilimo, koma ine sindinganyoze. Achinyamata a ku Oga akhala akusamukira m'mizinda, ana akuchepa, ndipo midzi ina inaleka mwambowu posowa ovala zigoba komanso mabanja ofuna kuphikira zilombozo. Midzi ina inayamba kulola anthu obwera kuti avale nawo, chikhalirecho kale inali ntchito ya anyamata osakwatira a m'mudzi momwemo.

Boma la Japan linaika mwambowu m'gulu la miyambo yotetezedwa mu 1978. Bungwe la UNESCO linaubweza mu 2011 ponena kuti ukufanana kwambiri ndi mwambo wa Toshidon wa pa chilumba cha Koshiki, koma linadzaulandira mu 2018 pamodzi ndi miyambo ina isanu ndi inayi ya milungu yodzacheza. Apa tingadzitameko pang'ono: Gule Wamkulu analengezedwa ndi bungwe lomweli mu 2005. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Oga kulibe dambwe, ndipo akuluakulu onse amadziwa mnyamata amene ali m'chigobamo.

Mukadzapitako, musadzadabwe kuona anthu akutola mapesi ogwa pa zofunda za zilombozo. Amati amabweretsa thanzi, koma okhawo ogwa okha, osati ochita kuzula.