Mbiri ya FAW, Kampani ya Boma ndi Abwenzi Ake

Anzanga amene mumayenda kawirikawiri pa msewu wa M1 muyenera kuti mwaonapo malole okhala ndi zilembo zitatu pamphumi pake, FAW. Ena amakhala atasenza simenti, ena mchenga, ena matumba a feteleza. Zilembozi zikuimira First Automobile Works, kutanthauza fakitale yoyamba ya galimoto, ndipo mwini wake ndi boma la China. Mbiri ya kampaniyi ndi yofunika kuidziwa, makamaka popeza ambiri a ife tsopano tili m'maofesi momwe nkhani za mgwirizano ndi makampani akunja zimamveka tsiku ndi tsiku. FAW yakhala ndi abwenzi ambiri pa zaka zoposa 70, ndipo mbiri yake ikutithandiza kuyankha funso limodzi: kodi kampani ya boma ikagwirizana ndi mlendo wodziwa ntchito, imapindula chiyani, nanga imataya chiyani?

Aphunzitsi a ku Moscow

Pamene Mao Zedong ndi chipani chake analanda boma m'chaka cha 1949, dziko la China linalibe fakitale yopanga galimoto. Zonse zimene zinkayenda m'misewu zinali zochokera kunja. M'chaka cha 1950 China inachita pangano la ubwenzi ndi Soviet Union, ndipo mwa ntchito zikuluzikulu 156 zimene a Soviet anathandiza kumanga, imodzi inali fakitale ya malole. Malo amene anasankhidwa ndi mzinda wa Changchun, m'chigawo cha Jilin kumpoto chakum'mawa, chifukwa kumeneko kunali njanji, malasha ndiponso mafakitale a zitsulo.

Mwala wa maziko unaikidwa pa 15 Julayi 1953, ndipo mkulu woyamba wa fakitaleyo anali Rao Bin. Mapulani, makina ndi alangizi zinachokera ku fakitale ya ZIS ya ku Moscow. Anyamata mazanamazana a ku China anatumizidwa komweko kukaphunzira ntchito. Mmodzi wa iwo anali injiniya wachinyamata Jiang Zemin, amene anapita m'chaka cha 1955 ndipo patapita zaka zambiri anadzakhala pulezidenti wa dzikolo.

Pa 13 Julayi 1956 lole yoyamba inatuluka m'fakitalemo. Anaitcha Jiefang, mawu otanthauza kumasulidwa. Inkanyamula matani anayi, ndipo inali yofanana kwambiri ndi ZIS-150 ya ku Moscow. Fakitaleyo inamangidwa kuti izitulutsa malole 30,000 pa chaka.

M'chaka cha 1958 antchito a FAW anayesanso kupanga galimoto ya akuluakulu a boma. Anatenga Chrysler ya 1955, naiphwasula, n'kumasula zipangizo zake chimodzichimodzi, zambiri pamanja. Galimotoyo anaitcha Hongqi, kutanthauza mbendera yofiira. Inakhala galimoto ya atsogoleri ndi alendo olemekezeka, kotero kuti ngakhale Pulezidenti Richard Nixon wa ku America anakwera Hongqi atacheza ku Beijing m'chaka cha 1972.

Mlendo ndi mame

Ubwenzi wa Beijing ndi Moscow sunakhalitse. M'chaka cha 1960 Soviet Union inaitanitsa akatswiri ake onse kuti abwerere kwawo. Apa m'pamene panaonekera ngati ophunzira aja anaphunziradi. Fakitale siinaime. Inapitiriza kutulutsa malole, ndipo pamene boma linayamba kumanga fakitale yachiwiri ku Shiyan m'chaka cha 1969, imene lero ndi kampani ya Dongfeng, akatswiri ambiri anachokera ku Changchun.

Komabe panali vuto lina. A FAW anaphunzira kupanga lole imene anapatsidwa, koma panalibe chowakakamiza kuti apange ina yoposa imeneyo. Boma ndilo linkanena chiwerengero cha malole a chaka chilichonse, linkatenga onse n'kuwagawa kwa asilikali, mafakitale ndi minda, ndipo phindu linkapita ku thumba la boma. Panalibe wogula woti adandaule kapena kupita kwina. Motero Jiefang inakhala pafupifupi chimodzimodzi kwa zaka 30, mpaka 1986, ndipo malole oposa 1.2 miliyoni a mtundu umodzi womwewo anapangidwa. Anthu atangopatsidwa ufulu wosankha chogula m'zaka za m'ma 1980, malolewo anayamba kuunjikana pabwalo la fakitale opanda owagula. Lole yatsopano, CA141, inayamba kupangidwa m'chaka cha 1987.

Hongqi nayo inaona zofananazo. Inkamwa mafuta kwambiri ndipo inkawonongeka pafupipafupi, choncho m'chaka cha 1981 boma linalamula kuti ileke kupangidwa. Pa zaka zonse 23 zija, galimoto za Hongqi zimene zinapangidwa zinali pafupifupi 1,500 zokha.

Chrysler ichedwa, Volkswagen ilowa

Deng Xiaoping atatsegula chuma cha dzikolo kuyambira 1978, makampani akunja anayamba kufika. American Motors inagwirizana ndi fakitale ya ku Beijing kupanga Jeep, ndipo m'chaka cha 1984 Volkswagen inasaina pangano ndi a ku Shanghai. Mkulu wa FAW pa nthawiyo, Geng Zhaojie, anaona kuti kampani yake itsala m'mbuyo ikangodalira malole.

M'chaka cha 1987 FAW inagula makina opangira injini kwa Chrysler, ili ndi chiyembekezo choti igulanso makina opangira thupi la galimoto kwa kampani yomweyo. A Chrysler, poona kuti wogula injini sangachitire mwina, anaumirira mtengo wokwera. Nthawi yomweyo Carl Hahn, mkulu wa Volkswagen, anafika ku Changchun. Anthu ake anasonyeza kuti injini ya Chrysler ikhoza kuikidwa mu Audi 100, ndipo m'chaka cha 1988 FAW inasaina pangano loti izilumikiza Audi 100 ku Changchun. Chrysler inatsala manja ali m'khosi. Phunziro lake ndi lakale: wopita kukakambirana ali ndi khomo lachiwiri loti akagogode amalankhula ndi mphamvu.

M'mwezi wa Febuluwale 1991 kampani ya FAW-Volkswagen inakhazikitsidwa. FAW inatenga magawo 60 pa 100 alionse, Volkswagen 40, ndipo m'chaka cha 1995 Audi inalowamo potenga 10 mwa magawo a Volkswagen aja. Pofuna kuchepetsa ndalama, anagula makina a fakitale ya Volkswagen ya ku Westmoreland, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, imene inatsekedwa m'chaka cha 1988. Anawamasula, nawakweza m'sitima za pamadzi, n'kukawamanganso ku Changchun. Galimoto ya Jetta imene ankapanga kumeneko inatchuka chifukwa cha kulimba, ndipo oyendetsa matakisi m'mizinda yambiri anaikonda. Audi nayo inasanduka galimoto ya akuluakulu a boma, malo amene kale anali a Hongqi.

Boma la China silinasiye nkhaniyi m'manja mwa makampani okha. Lamulo la 1994 linanena kuti kampani yakunja yofuna kupanga galimoto m'dzikomo iyenera kugwirizana ndi kampani ya komweko, ndipo isakhale ndi magawo oposa 50 pa 100 alionse. Linalimbikitsanso kuti zipangizo zambiri zizipangidwa m'dziko momwemo. Maganizo ake anali akuti mlendo apatsidwe msika, iye apereke luso.

Abwenzi achuluka

China italowa m'bungwe la zamalonda la World Trade Organization m'chaka cha 2001, msika wa galimoto unakula mofulumira. M'chaka cha 2002 FAW inatenga kampani ya ku Tianjin imene inkapanga timagalimoto ta Xiali. Kampaniyo inali kale pa ubwenzi ndi Toyota, motero FAW inapeza bwenzi lachiwiri lalikulu. Corolla ndi Crown zinayamba kupangidwa ku Tianjin, ndipo m'chaka cha 2005 Changchun inakhala malo oyamba kunja kwa Japan kulumikiza Prius. Kuyambira 2003 FAW inkapanganso Mazda 6, ndipo m'chaka cha 2009 inagwirizana ndi General Motors pa timalole ting'onoting'ono. Chaka chomwecho China inaposa America n'kukhala msika waukulu koposa wa galimoto pa dziko lonse.

Ndalama zinalowa zambiri, koma kodi luso lija linabwera? Yankho lili pawiri. Tikayang'ana galimoto za FAW yeniyeni, zinthu sizinali bwino. Hongqi imene inatsitsimutsidwa m'zaka za m'ma 1990 inali thupi la Audi 100 lokhala ndi injini yochokera ku Chrysler, ndipo ya 2006 inali Toyota Crown Majesta yosinthidwa nkhope. Besturn, imene inatuluka chaka chomwecho, inamangidwa pa Mazda 6. M'chaka cha 2017, pamene FAW-Volkswagen inagulitsa galimoto pafupifupi 2 miliyoni, Hongqi siinafike ngakhale 5,000. Alendo aja ankabweretsa galimoto zokonzedwa kale kwawo, ndipo nzeru za kapangidwe kake zinkatsala ku Germany ndi ku Japan. Popeza phindu linkabwera ndithu, akuluakulu a FAW analibe njala yoti avutike ndi zawozawo. Nduna ina yakale yoona za makina, He Guangyuan, inafika poyerekeza migwirizano yotereyi ndi mankhwala ozunguza bongo, amene munthu akawalawa savuta kuzolowera. Katangale nayenso analowerera: wapampando wa kampaniyi, Xu Jianyi, anagwidwa m'chaka cha 2015 ndipo m'chaka cha 2017 analamulidwa kukhala m'ndende zaka 11 ndi theka.

Tikayang'ana dziko lonse, phindu linalipo lalikulu. Mafakitale a mgwirizanowa anaphunzitsa mainjiniya ndi amisiri zikwizikwi, ndipo anadzutsa makampani ambiri opanga magalasi, mipando, nthambo ndi mabuleki. Amene anakolola kwambiri anali makampani amene analibe bwenzi lakunja lowadyetsa. Yin Tongyue, amene anatsogolera kampani ya Chery, anaphunzira ntchito ku FAW ndi FAW-Volkswagen. Geely inakula mpaka kugula Volvo m'chaka cha 2010, ndipo BYD, imene inayamba ndi kupanga mabatire, inaposa Volkswagen pa malonda a m'China m'chaka cha 2023.

Zaka zaposachedwa

Boma litasintha utsogoleri wa FAW m'chaka cha 2017, kampaniyo inaika ndalama ndi akatswiri ake pa Hongqi. Malonda anakwera kufika pa 100,000 m'chaka cha 2019 ndi 200,000 m'chaka cha 2020. Lamulo la magawo 50 lija linachotsedwa pang'onopang'ono kuyambira 2018 mpaka 2022, ndipo m'kampani yatsopano yopanga Audi zoyendera magetsi ku Changchun, magawo ambiri ndi a ku Germany. Kampani ya mgwirizano wa FAW ndi Mazda inaleka kuima payokha m'chaka cha 2021.

Chochititsa chidwi n'chakuti mbali ya FAW imene yafika kwathu kuno ndi ya malole. Itapulumuka mavuto a m'ma 1980, Jiefang inakakamizika kudzikonzera yokha malole atsopano, ndipo yakhala m'gulu la otsogola pa malole akuluakulu m'China. FAW inayamba kugulitsa malole ku South Africa m'chaka cha 1994, ndipo m'mwezi wa Julayi 2014 Pulezidenti Jacob Zuma anatsegula fakitale yake ku Coega, pafupi ndi mzinda wa Gqeberha umene kale unkatchedwa Port Elizabeth. Fakitaleyo, imene inadya ndalama zokwana R600 miliyoni, imalumikiza malole ogulitsa m'maiko a kuno kumwera kwa Africa. Wophunzira wa ku Moscow uja tsopano ndiye mlendo wobwera ndi mapulani ndi makina.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. A Soviet anapatsa FAW fakitale, Volkswagen ndi Toyota anaipatsa ndalama ndi mwambo wa ntchito, koma palibe mmodzi amene anaipatsa luso lodzipangira galimoto yakeyake. Luso limenelo linabwera pokhapokha pamene kampaniyo inakakamizika kulifuna. Inu anzanga amene tsiku lina mudzakhale pa tebulo ndi alendo otere m'malo mwa boma kapena kampani yanu, musadzangowerenga magawo ndi phindu la chaka. Mudzafunsenso kuti pakadzatha zaka khumi, anthu athu adzakhala akudziwa kuchita chiyani paokha.