Kusasamala kwa ogwira ntchito zachipatala ku Chigwa cha Shire

Kusasamala pa ntchito zachipatala ndi mlandu umene umabuka pamene dokotala, namwino kapena mzamba walephera kupereka chisamaliro choyenera, wodwala n'kuvulala kapena kumwalira. Udindo wosamalira umayamba pamene wodwala walandiridwa. Zilibe kanthu kuti ali pa chipatala chaulere cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kapena pa cha mishoni cholipira monga St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona.

Makhoti a m'Malawi amatsata muyeso wochokera ku mlandu wa Bolam umene unaweruzidwa ku England mu 1957. Dokotala sakakamizidwa kuchiritsa aliyense, koma ayenera kuchita zimene anzake odziwa ntchitoyo akanachita. Wodandaula ayenera kuonetsa kuti udindowo unalipo, unaphwanyidwa, ndiponso kuti kuphwanyako ndiko kunabweretsa vuto. Mfundo yomalizayi ndiyo imagwetsa milandu yambiri.

M'chigwachi odwala ambiri amaonedwa ndi makilinikala ofesa ndi anamwino, ndipo lamulo limawakhudza onsewo. Nkhani yaikulu imakhala pa kutumiza wodwala ku chipatala chachikulu. Mayi amene akuvutika kubereka ku Makhanga kapena ku Ngabu ayenera kutumizidwa msanga, ndipo zikavuta ambulansi imakwera naye mapiri mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Msewu ukaduka ndi madzi osefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu 2023, mzamba sangaimbidwe mlandu. Koma akaona magazi akutayika, osaitana ambulansi, osalemba kanthu m'buku la kuchipatala la mayiyo, kusowa kwa zipangizo sikungamutchinjirize. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika kwambiri, chifukwa anthu ambiri amangoti "zinalembedwa" pa imfa imene ikanapeweka.

Mu 2019 Ombudsman wa nthawiyo, Martha Chizuma, anatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb, lofufuza za amayi amene anachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma atapita kukabereka. Lipotilo linadzudzula kulekerera kwa ogwira ntchito pamodzi ndi kuchepa kwa anthu ndi zipangizo.

Wolakwiridwa angayambe ndi ombudsman wa pachipatala pomwepo. Bungwe la Medical Council of Malawi, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, limalanga madokotala ndipo lingawalande chiphaso cha ntchito. Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo, Nurses and Midwives Council of Malawi. Chipukuta misozi amagamula ndi khoti. Chipatala chikakhala cha boma, wosumiridwa amakhala Attorney General, ndipo wosowa ndalama za loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Mlandu wa kuvulazidwa uyenera kusumidwa zisanathe zaka 3. Odwala ndi magadiyani azisunga bwino buku la kuchipatala, pakuti umboni woyamba umachokera m'menemo.